Bawuti Imene a Chimkono Anathyola

Mumsewu wa magaraja, kuseri kwa sitolo yogulitsa zitsulo za galimoto, munali kashedi ka malata kamene chitseko chake sichinkatsekeka pokhapokha utachikankha ndi bondo. M'menemo munkagwira ntchito mayi wina wamfupi, wa imvi zoyambira pamphumi, amene msewu wonse unkamutchula kuti a Dikirani. Silinali dzina lobadwa nalo. Linachokera pa mawu amene ankanena munthu akangolowa ali wefuwefu, makiyi a galimoto ali m'manja, nkhani ikutuluka mkamwa mosanjikizana. Iwo ankapukuta manja pa ovolosi n'kuyankha kuti, "Dikirani kaye, tione."

Ntchito yawo inali imodzi basi. Sankakonza injini, sankapenta, sankamata matayala. Ankachotsa mabawuti othyokera mkati. Makaniko aliyense amalidziwa tsoka limeneli. Ukumasula bawuti yadzimbiri, ukukanikiza sipanala, kenaka thyo! Mutu wa bawuti wagwa pansi, thunthu latsalira m'chitsulo, pogwira palibe. Ntchito ya mphindi khumi yasanduka ya tsiku lonse. Zikatero amakaniko a mumsewuwo ankayamba atukwana kaye, n'kuyesa njira zawo, n'kuwonjezera kuwononga, kenaka ankakankhira galimoto kwa a Dikirani mitu ili pansi ngati ana amene aswa mbale.

Luso limeneli linayambira patebulo la bambo awo. Bambowo ankakonza maloko ndi makina osokera m'kachipinda kakang'ono, tebulo lili pawindo kuti aziona bwino. Ana awo aamuna anayi onse anayesedwa ntchitoyo ndipo onse anaithawa. Kachitsulo kakagwa pansi, anyamatawo ankayang'ana uku ndi uku n'kunena kuti kasowa. Mtsikana yekhayo, amene anadzakhala a Dikirani, ndiye ankagwada, tsaya n'kuligunditsa pa simenti, n'kumayang'ana mopingasa mpaka kachitsuloko kanyezimire. Bambo ake ataona zimenezi anasuntha mpando wawo n'kumupatsa theka la tebulo.

Tsiku lina, mtsikanayo ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, pakhomo panaima lole. Munatsika mnyamata wamtali, zikhatho ngati mafosholo, atanyamula loko amene kiyi wake anathyokera mkati.

"Bambo kulibe? Ndiye ndibwera mawa," anatero mnyamatayo.

Mtsikanayo sanamulole kubwerera. Ananola kachidutswa ka sowo mpaka kanapyapyala ngati tsamba la udzu, n'kukalowetsa pambali pa kiyi wothyokayo. Posakhalitsa chidutswa cha kiyi chinagwera patebulo kuti ng'we. Mnyamatayo anayang'ana loko, anayang'ana mtsikanayo, n'kuiwala kuthokoza. Patapita sabata anabweranso ndi loko wina. Kenaka wina. Ulendo wachinayi mtsikanayo anatembenuza lokoyo n'kuona kuti ndi watsopano, pepala la m'sitolo likadali pomwepo.

"Uyu mwathyola dala," anatero.

"Ee, ndathyola dala," anavomera mnyamatayo. "Nanga ndikanabwera ndi chiyani?"

Chaka chisanathe anakwatirana. Mnyamatayo ndiye amene anthu anadzamutcha a Chimkono. Anali munthu wofatsa, woseka ndi thupi lonse, koma manja ake sankadziwa polekezera. Akatseka mpopi, wina aliyense ankalephera kutsegula. Akatseka botolo la mafuta ophikira, banja lonse linkadikira kuti abwere kuchokera ku ulendo.

Bawuti yoyamba imene a Dikirani anachotsa inali ya pa lole ya abwana a amuna awo, ndipo woithyola sitikufunika kumutchula. Anaichotsa ndi katchizulo ka bambo awo ndi nyundo yaing'ono, akugogoda m'mphepete pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mkulu wina wowotcherera zitsulo, mwini wake wa kashedi ka malata kaja, anaimirira n'kumaonerera kwa ola lathunthu. Pomaliza anati, "Mwana wanga, mtima uli nawo. Chimene ukusowa ndi moto." Anawaphunzitsa kuwotcherera, ndipo atakalamba n'kupita kukakhala kwa mwana wake, anawasiyira shediyo pamodzi ndi makina ake okalamba olira ngati njuchi.

A Dikirani anagwira ntchito m'menemo zaka makumi atatu. Analera ana atatu, onse akudziwa kuti chakudya chamadzulo chimachedwa ngati bawuti yavuta. A Dikirani ankakonda kuuza anthu kuti ukwati wawo ndi wolongosoka kuposa maukwati onse: bambo amathyola, mayi amachotsa, ntchito siitha pakhomo.

Ndiye kunabwera sabata imene mwana wawo wotsiriza, amene onse ankangomuti Chitsiriza ngakhale anali atakula kale, anapeza ntchito yoyeza magazi pachipatala cha m'tauni ina yakutali. Anayenera kuyamba Lolemba. Katundu wake, bedi, matiresi, kafiriji, mapoto ndi makatoni a mabuku, anayenera kunyamulidwa Loweruka pa pikapu yakale ya a Chimkono, imene anagula atapuma pantchito ya malole.

Tsoka linali lakuti masabata awiri m'mbuyomo a Dikirani anaterereka m'bafa n'kuthyoka pamfundo ya dzanja lamanja. Dzanjalo linali m'pulasitala kuyambira m'zala mpaka pachigongono, shedi ili yotseka. Ankangokhala pakhomo n'kumalamula anthu mmene angapindire zovala, mpaka ana ankapemphera kuti dzanjalo lipole msanga.

Loweruka m'mawa, a Dikirani ali kukhitchini akukulunga makapu m'manyuzipepala ndi dzanja limodzi, anaona kuti panja pachita zii. A Chimkono anali atalowa kunsi kwa pikapu kutangocha, akuimba mluzu, zitsulo zikulira. Tsopano mluzu unali utasiya. Zaka zonsezi a Dikirani anali ataphunzira kuti phokoso la amuna awo silidetsa nkhawa, chodetsa nkhawa ndi chete wawo.

Anatuluka. Kunsi kwa galimoto kunkaoneka mapazi awiri okha, osagwedezeka.

"Bambo ake, mwathyola chiyani?"

"Ine? Palibe. Ndikungoyang'ana."

"Mukuyang'ana chiyani osapuma n'komwe?"

Mapaziwo anasuntha. Pang'onopang'ono a Chimkono anatuluka chagada, dzimbiri lili m'tsitsi, n'kutambasula chikhatho. Munali mutu wa bawuti.

"Inali yowola kale, mayi ake. Ndangoikhudza."

"Inu kukhudza kwanu timakudziwa."

Anafotokoza kuti anafuna kusintha chitsulo chimene chimagwira sipuling'i ya kumbuyo ku chasisi, chitsulo chachitali chija chimene chimanyamula thupi lonse la galimoto. Chakalecho chinali chitang'ambika, ndipo iwo sanafune kuti katundu wa mwana akagwere panjira. Mabawuti atatu anatuluka bwinobwino. Yachinayi ndiyo inachita mwano.

A Dikirani anayala katoni, n'kugwada movutikira, n'kusuzumira ndi tochi. Bawutiyo inali itathyokera mkati pang'ono, koma pakati pake pankanyezimira kanthu kena.

"Nanga ichi chonyezimirachi?"

A Chimkono anayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula.

"Ndinati ndiboole pang'ono kuti ndisakuvutitseni, poti dzanja lanulo... Ndiye kachitsulo koboolera kaja nako kathyokera momwemo."

A Dikirani anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi. Kachitsulo koboolera n'kolimba kuposa bawuti, ndipo kakathyokera mkati sungakaboolenso ndi china chilichonse. Amuna awo anali atatseka khomo, n'kulikhoma, n'kuponya makiyi m'chitsime.

Chitsiriza anatuluka atanyamula pilo. Atamva nkhaniyo nkhope inagwa.

"Ndiye titani, amayi? Ndifune galimoto ina?"

"Galimoto ina ya chiyani, amayi ako ali moyo? Kanditengere ovolosi."

"Koma adokotala anati dzanja limenelo lisagwire ntchito."

"Ananena la kumanjali. La kumanzereli sanalitchule."

Anabwezeretsa mabawuti atatu aja, ndipo a Chimkono anayendetsa pikapuyo ngati anyamula mazira mpaka ku shedi. Wa matayala, amene anali ndi malo ake moyang'anizana ndi shediyo ndipo anali wailesi ya msewu wonse, anaona chitseko chikutsegulidwa. Anabwera akuthamanga.

"Amayi, mwachira? Takusowanitu! Wathyola ndani lero?"

Wa matayala anayang'ana a Chimkono, n'kuwomba m'manja. Pasanathe mphindi khumi amakaniko anayi anali ataima pakhomo la shedi, aliyense akunamizira kuti wabwera kudzabwereka sipanala.

Anaimika galimoto pamwamba pa dzenje lokonzera. A Dikirani analamula kuti achotse waya wa batire, ndipo thanki ya mafuta, imene inali pafupi ndi bawutiyo, aiphimbe ndi masaka onyowa. Anatsikira m'dzenje mothandizidwa ndi mwana wawo, n'kupala dzimbiri ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo chinayera. Kenaka anasankha washala, kachitsulo kaphanthiphanthi kozungulira, ya bowo locheperapo kuposa bawutiyo. Nzeru yake inali yakuti aiwotcherere pa thunthu lotsaliralo, pamwamba pake awotchererepo nati, kuti bawuti yopanda mutu ipeze mutu watsopano wogwirapo sipanala. Komanso moto wowotchererawo umatenthetsa bawuti, imafufuma, ndipo ikamazizira imabwerera, dzimbiri limene linaimata n'kusweka.

Vuto linali dzanja. A Chimkono anagwira washala ndi pulayala, nkhope atatembenuzira kumbali. A Dikirani anatsitsa chophimba kumaso, n'kugwira ndodo yowotcherera ndi dzanja lamanzere, chigongono atachitsamiritsa pa chasisi. Ndodoyo inamatirira kawiri. Kachitatu moto unagwira, kuwala kwa buluu n'kudzaza dzenje lonse. Atakweza chophimbacho anayang'ana ntchito yawo n'kupukusa mutu.

"Zaka makumi atatu ndikuwotcherera, lero ndapanga zitosi za nkhuku."

"Bola zigwire, amayi," anatero wa matayala ali pamwamba.

Anawotchereranso nati pamwamba pa washalayo. Inafiira psuu, kenaka n'kuyamba kuda.

"Tsopano tiisiye izizire," anatero a Dikirani akutuluka m'dzenje. "Munthu asaikhudze. Bambo ake, ndikunena inu."

"Nthawi ikupitatu, mayi ake. Zengerezu analinda kwawukwawu."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani apo."

Anapita kuseri kwa shedi kukamwa madzi pampopi. Asanameze n'komwe anamva phwa! kenaka chitsulo chikugubuduka pa simenti, kenaka amakaniko anayi akuseka mpaka kugwirana. Atabwerera anapeza a Chimkono ali m'dzenje, sipanala yaitali ili m'manja, nati ili pansi, bawuti ili pomwe inali.

"Ndimangofuna kuona ngati yazizira," anatero motsitsa mawu.

A Dikirani anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma ataona nkhope ya amuna awo anabweza mawu. Anathamangitsa amakaniko aja kuti akagwire ntchito zawo, anatuma Chitsiriza kukagula ndodo zina zowotcherera, n'kutsikira m'dzenje. Anakhala awiri pa benchi yaing'ono imene inali mmenemo, mitu ikutsala pang'ono kugunda galimoto.

"Mukuthamangira chiyani, bambo ake?"

A Chimkono anapukuta thukuta ndi mkono.

"Ndikufuna akafike kukadawala, akaone nyumbayo bwinobwino, tikamuikire makatani. Anthu a kumeneko asakaone ngati mwanayu alibe makolo." Anatola nati ija pansi n'kumaitembenuza m'manja. "Dzulodzuloli ndimamunyamula pakhosi, akundikoka makutu."

"Ndikuuzeni zoona?" anatero a Dikirani. "M'mawa muja nditaona kuti mwathyola, mtima wanga unakondwa. Ndinati mwina agonanso tsiku limodzi pakhomo."

"Ndiye tiisiye bawutiyi?"

"Mukufuna mbiri yanga ithere pa galimoto ya mwamuna wanga? Imeneyi ituluka lero lomwe."

Onse anaseka. Pamwamba pa dzenje panamveka kutsokomola. Chitsiriza anali ataima pomwepo, ndodo zili m'manja, maso ali ofiira pang'ono.

"Ndamva zonse," anatero. "Ine ndizibwera mwezi uliwonse. Inu ingochotsani bawutiyo."

Anayambiranso. Ulendo uno a Dikirani sanathamangire washala. Anayamba adontheza chitsulo chosungunuka pa thunthu lenilenilo, dontho limodzi, kudikira, dontho lina, mpaka panamera kamutu kotumphuka kunja kwa chasisi. Dzanja lamanzere linali litayamba kuzolowera. Anaika washala ina, n'kuizunguliza moto. Anaika nati yaikulupo, n'kuidzaza mkati mpaka pakamwa. Atagogoda makoko a pamwamba, pansi pake panaoneka chitsulo chosalala.

"Izi ndiye zanga," anatero.

Podikira kuti izizire, anagwira amuna awo dzanja n'kutuluka nawo panja ngati mwana wopita naye ku sikelo. Anawakhazika pa tayala kwa wa matayala, n'kumuuza kuti, "Awa asasunthe. Akasuntha, muwakhalire." Nati itafunda moti munthu n'kuikhudza, a Dikirani anathira mafuta omasulira dzimbiri m'mphepete, n'kuigogoda pamutu ndi nyundo yaing'ono, kagogodedwe kofatsa ngati ka mlendo pakhomo la eni.

Tsopano panafunika womasula. Dzanja lamanzere la a Dikirani linalibe mphamvu zokwanira. Amakaniko aja, amene anali atabwereranso mwakachetechete, aliyense anadzipereka. A Dikirani anawayang'ana mmodzimmodzi, kenaka anaitana amuna awo.

"Amayi, mukutsimikiza?" anafunsa wa matayala. "Mbuzi mukuipatsa ntchito yolondera chimanga?"

"Wathyola ndi amene achotse."

Anawalanda a Chimkono sipanala yaitali ija n'kuwapatsa yaifupi, yotalika ngati chikhatho chawo chomwe. Kenaka anaika dzanja lawo lamanzere pamwamba pa dzanja la amuna awo.

"Musakoke. Ingotsamirani. Ndikafinya, muime."

A Chimkono anatsamira. Palibe chinachitika. A Dikirani anafinya.

"Tsopano bwererani, ngati mukumanga."

"Kumanganso? Si tikumasula?"

"Bawuti ili ngati inu nomwe. Ukaiuza kuti tuluka, imakana. Umayamba waivomereza kaye."

Anapita kutsogolo, anabwerera. Kutsogolo, kumbuyo. Thukuta linkatsika pamphuno pa a Chimkono, osati chifukwa cha kulemera kwa ntchito koma chifukwa chodziletsa. Ulendo wachisanu ndi chiwiri panamveka kaphokoso kakang'ono, kwi, ngati mbewa yapondedwa mchira. Fumbi lofiira linagwa kuchokera m'bowo.

"Yasuntha!" anakuwa a Chimkono, n'kufuna kukoka.

A Dikirani anafinya mpaka zikhadabo zinalowa.

"Apa ndi pamene anthu amathyolera. Thirani mafuta. Bwererani."

Anatero kwa theka la ola. Sipanala inkayenda pang'ono, n'kubwerera, n'kuyenda mowonjezera. Mu shedi monse munali chete, ngakhale wa matayala anatseka pakamwa, chinthu chimene anthu a mumsewuwo amati sichinachitikenso. Kenaka bawutiyo inafewa. A Chimkono anaika sipanala pansi n'kumaliza ndi zala ziwiri. Inatuluka yonse, yakuda, yodyeka m'mbali, kachitsulo koboolera kaja kali mkati mwake.

A Chimkono anaikweza m'mwamba ngati atola golide. Amakaniko anawomba m'manja. Wa matayala anathamangira pamsewu kukalengeza kwa aliyense wodutsa kuti lero a Chimkono amasula chinthu osachithyola.

"Mwaona, mayi ake? Ndachotsa ndekha!"

"Ee, mwachotsa nokha. Ine ndimangokusisitani dzanja."

A Dikirani anayeretsa mano a m'bowomo, n'kupaka girisi pa bawuti yatsopano. Chitsulo chatsopano chogwira sipuling'i chinalowa m'malo mwake. Pomanga, anapereka sipanala kwa mmodzi wa amakaniko aja, ndipo a Chimkono sanatsutse.

Anapakira katundu dzuwa lili paliwombo. Anakhala atatu kutsogolo, a Dikirani pakati, pulasitala atamuika pa pilo wa mwana wawo, giya ikuwagunda bondo nthawi iliyonse a Chimkono akasintha. Anafika kukadawala. Nyumba ya Chitsiriza inali ya chipinda chimodzi ndi kakhitchini, pawindo pakuoneka bwalo la mpira. A Chimkono anakweza bedi pamasitepe okha, a Dikirani anayendera makona onse n'kupeza kuti mpopi wa m'khitchini ukudontha, ndipo analonjeza kudzaukonza dzanja likapola. Makatani anapezeka kuti ndi aafupi. Anawapachika choncho.

Anagona komweko, ndipo m'mawa mwake anabwerera awiri, pikapu ili yopanda kanthu, ikudumphadumpha pa mabampu. Atadutsa pamlatho wina a Chimkono anakonza kukhosi.

"Chipinda cha mwanachi, ndimaganiza kuti ndiikemo mpando wanga uja ndi wailesi."

"Chipinda chimenecho n'cha mwana. Akamabwera azigona pati?"

"Pabalaza pali sofa."

"Pa sofapo muzigona ndinu, pamodzi ndi wailesi yanuyo."

Anakangana za chipindacho mtunda wonse wotsalawo, aliyense akuwonjezera zifukwa zatsopano, ndipo pofika pageti anali atagwirizana chinthu chimodzi chokha: kuti achipente kaye. Za mtundu wa penti anati akambirana akadya.